Kuyenda ndi tenti m'boma la Zomba: mafunso ndi mayankho

Mvula ikangosiya, ndimamanga katenti kanga pa keliyala ya njinga n'kuyamba kuzungulira boma lathu lino. Ulendo wina ndimakwera phiri, wina ndimatsikira ku nyanja ya Chilwa, wina ndimangotsata msewu wa ku Liwonde n'kumaima paliponse pamene pali kamsika. Anthu akandiona ndi katunduyu amafunsa zambiri, makamaka ophunzira a ku yunivesite ya Chanco ndi anthu a pa ntchito a ku Blantyre ofuna kukapitidwako mphepo kumapeto kwa sabata. Mafunso amene amabwerabwera ndi awa. Mitengo ya zinthu sindinalembe, chifukwa chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mtengo wa lero mawa umakhala wina.

Ndifika bwanji ku Zomba?

Msewu wake ndi wa M3. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 65, kudutsa pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Ochokera ku Lilongwe amadzera ku Balaka ndi ku Liwonde, kenako Machinga, Malosa, Domasi, Songani, n'kulowa mu tauni cha ku Chinamwali. Minibasi imanyamuka ikadzaza, choncho lawirirani. Za katundu wamkulu gwirizanani ndi kondakitala musanakwere. Depoti ili pafupi ndi msika waukulu, ndiye mukangotsika mwafika kale pogula zinthu.

Ndigule chiyani mu tauni ndisananyamuke?

Zochepa chabe: machesi, mabatire a tochi, mankhwala othira m'madzi akumwa, chubu chapadera cha njinga, neti ya udzudzu ndi mankhwala amene mumamwa. Izi kumudzi zimatha kusowa.

Zina zonse zisiyeni, ndipo apa ndikunenetsa. Musadzaze chikwama ndi chakudya cha masiku asanu. Munthu amene wanyamula zonse alibe chomuimitsa panjira, amangodutsa ngati galimoto la fodya, ndipo pobwerera kwawo amakhala ataona fumbi lokha. Tomato, anyezi, matemba ndi mafuta oyeza muzigula kumene dzuwa lakupendekerani. Mpunga mukaugule kumene amaulima, ku sikimu ya Domasi kapena ya Likangala.

Tsiku lina pa Thondwe ndinaima kuti ndigule tomato wa mulu umodzi. Mayi wogulitsayo anayang'ana tenti, nayang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye mukaphikira potani?" Nditawaonetsa kapoto kanga anapukusa mutu, n'kundiikira banyira wa tomato awiri ndi tsabola wa kambuzi. Anandiuzanso kuti njira yachidule imene ndinkafuna kudzera inali itaduka pa mlatho, ndizungulire cha ku tchalitchi. Ndikanagula tomatoyo mu tauni, ndikanakafika pa mlathowo kukuda. Kufunsa ndi kudziwa njira, koma munthu umafunsa bwino ukakhala ndi chokuimitsa.

Kumbukiraninso chenji. Ndalama ya K5,000 imene inayamba mu 2022 ndi yabwino m'thumba, koma mayi wa mandasi sangaisinthe. Amayamba kuthamanga nayo benchi ndi benchi, malonda ake atawasiya okha. Sinthitsani mu tauni, munyamule zing'onozing'ono.

Pa phiri ndingagone pati, ndipo kumazizira motani?

Malo odziwika okhomapo tenti ali pafupi ndi maiwe owetera nsomba za trout, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mukafika funsani woyang'anira, mulipire, akulozereni pokhoma. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa, si poti munthu n'kungosankha pamene pamukomera.

Za kuzizira musazitenge mwachibwana. Tauni ili pa mamita osafika 1,000, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera, nkhungu imaphimba mitengo ya paini moti mnzako ali apa osamuona, ndipo mame amalowa mpaka m'mafupa. Bulangete limodzi silikwana. Tengani chipewa ndi masokosi okhuthala, komanso mkeka kapena katoni yoyala pansi, pakuti chisanu chenicheni chimachokera m'nthaka.

Okwera wapansi amadzera Njira ya Mbatata, imene alimi ankatsitsira mbatata ku msika. Ndi yotsetsereka kwambiri, koma mumakumana ndi anthu: amayi osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, anyamata otsitsa matabwa pamutu. Apatukireni, iwo ndiwo ali ndi katundu, ndipo muwapatse moni ngakhale mpweya uli m'mwamba. Pamwamba mupeza ana ogulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'timbale. Chakudya chanu musachisiye pamtetete, anyani a kumeneko saopa munthu.

Damu la Mulunguzi ndilo limamwetsa mzinda wonse. Musachapemo, musatsukiremo mbale.

Kodi woperekeza ndi wofunikadi?

Kokayenda pafupi, monga ku mathithi a Williams, mungathe nokha. Koma ku Dzenje la Chingwe kapena ku Malumbe tengani munthu. Njira za m'paini zimafanana, ndipo akadula mitengo chigawo chimodzi, malo amene munawadziwa chaka chatha amasanduka achilendo. Anyamata operekeza alendo amapezeka cha ku hotela ya Ku Chawe. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo kamba wanu mudyere limodzi.

Woperekeza wabwino amakupatsaninso mbiri. Pa Emperor's View adzakuuzani za Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anaima pamenepo mu 1965, n'chifukwa chake ma Rasta amapalemekeza. Kukayera bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Pa Chingwe akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu, ndipo mukasuzumira m'dzenjemo n'kuona mizu ndi mdima, simufunanso kulankhula mokweza.

Kumudzi ndingangokhoma tenti pamene ndaona malo abwino?

Ayi. Ili ndilo funso lalikulu pa onse.

Kumudzi kulibe malo opanda mwini. Tchire limene mukuliona ndi munda wogonera wa munthu, kapena msitu wa mudzi, kapena manda. Ndiponso munthu wachilendo wogona kuthengo osadziwika amadzetsa mantha. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala osadziwika. Zinadutsa, koma usiku kamdima ka tenti kuseri kwa munda kangadzutse mudzi wonse.

Chitani chonchi. Fikani dzuwa likadalipo, cha m'ma 4 koloko. Funsani aliyense kuti kwa amfumu ndi kuti, adzakuperekezani. Pakhomo tsikani njinga, vulani chipewa, odirani, mudikire. Akakupatsani mpando kapena mphasa khalani, moni ayambe ndi eni khomo. Musathamangire pempho lanu. Nenani dzina, kwanu, mfumu yanu, kumene mwachokera lero ndi kumene mukupita mawa. Chiphaso cha unzika chikhale pafupi, ena amachifuna, ena ayi.

Mudzi wina wa cha ku Jali ndinapeza kuti mfumu ndi mayi wachikulire, monga zimakhalira m'midzi yambiri kuno. Anali akusola chimanga pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto manja osaleka ntchito, kenako anati, "Mwanangu, kansalu kanuko mukhome pabwalo pompano, kuti galu akauwa usiku tidziwe kuti akuuwa wina, osati inu." Ine ndinali nditaloza pansi pa mtengo wa mango, patali pang'ono, poganiza kuti ndisawasokoneze. Anakana. Ndisanamalize kukhoma zikhomo, mdzukulu wawo anali ataika kale ndowa ya madzi otentha ku bafa, ndipo ana oposa khumi anali atakhala mozungulira kuonerera nyumba ikutuluka m'thumba. Wina wamng'ono anapempha kulowamo, analowa, n'kutuluka akufuula kuti mulibe khoma.

Usiku umenewo kapoto kanga sikanagwire ntchito.

Ndiwapatse ndalama zingati?

Musafunse mtengo, mungawanyoze. Kugona pakhomo pa munthu si resiti hausi. Ine ndimanyamula paketi ya shuga, sopo ndi mchere zoti ndisiye m'mawa, ndipo ndimapereka kwa mayi wa pakhomopo ndi manja awiri. Ngati mwaona kuti akupherani nkhuku, kapena pakhomopo pali wodwala, onjezerani kandalama, munene kuti ndi ka sopo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho usiku umodzi kapena uwiri wakwana. Chakudya chimene mwadyacho chatuluka m'nkhokwe yoti ifike nayo Febuluwale.

Akandiitanira nsima ndili wokhuta, ndikane?

Sambani m'manja, mudyeko ngakhale mbamu ziwiri, muthokoze. Kukaniratu kumaoneka ngati mukukayikira chakudyacho. Ngati pali chimene simudya, nenani poyamba, palibe amene angakhumudwe.

Dziwaninso kuti madera a Songani, Domasi ndi Malosa kuli Asilamu ambiri. Musatulutse nyama ya nkhumba kapena mowa pakhomo pa eni ake. Mwezi wa Ramadani musamadyere pagulu masana. Chichewa chimamveka kulikonse, koma agogo ena amamasuka m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ndipo mukaphunzira moni yekha nkhope zawo zimawala.

Madzi akumwa ndiwapeza kuti?

Pa mjigo. Mupeza zidebe zili pamzere, eni ake atakhala pamthunzi. Musadumphe mzerewo. Perekani moni, onetsani botolo lanu, ndipo kawirikawiri mayi wina amanena yekha kuti mlendo atunge kaye. Mukatero gwirani chogwirira muwapopereko chidebe chimodzi. Mijigo yambiri ili ndi komiti imene imasonkhetsa ndalama zokonzera, ndiye mukaponyako kangachepe mwachita bwino.

Madzi a pachitsime chosaphimba kapena a mumtsinje muziwiritsa kapena kuthiramo mankhwala. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'mbali mwa Chilwa matendawa si achilendo. Kusamba m'madzi odikha a m'madambo ndi m'ngalande za mpunga kumapatsa likodzo.

Nanga foni ndi ndalama?

Mabanki ndi makina otapira ndalama ali mu tauni. Kunja mudalira Airtel Money ndi Mpamba, koma ma ejenti a m'timisika nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira, choncho tapani pang'onopang'ono pamene mwapeza mwayi. Kutchajitsa foni ndi kometera tsitsi kapena m'kagolosale ka sola. Chongani batire kapena foni yanu kuti isasokonekere ndi ya wina.

Foni imafuna maola awiri kuti idzaze, ndipo maola amenewa ine ndimawakonda kuposa ena onse. Pafupi pamakhala bawo nthawi zonse. Pa kamsika kena kupitirira Domasi ndinakhala pabenchi ndi bambo wina wa imvi mbuu, amene ankatakata nkhomo osayang'ana n'komwe. Atamva kuti ndikugona mu tenti anaseka, nati iwo anagonapo pa bedi la simenti ku migodi ya ku Joni. Anapita pa Wenela, bungwe limene linkatengera anthu ku migodiko, ali mnyamata. Anandisimbira za ndege imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kumudzi, ndi momwe Kamuzu analetsera ulendo wa ku migodi pambuyo pake. Anatchula zimene anabwera nazo chimodzichimodzi: njinga, wailesi, jekete, malata 12. "Malatawo alipobe," anatero, n'kuloza ndi chibwano kutsidya kwa msewu. Foni inadzaza kalekale ine ndikadali pabenchipo.

Njinga ikawonongeka pakati pa njira?

Simuyenda mtunda wautali musanapeze wokonza. Chizindikiro chake ndi tayala lopachikidwa pamtengo, pansi pali pampu ndi beseni la madzi akuda loyeseramo chubu. Amamata chubu, amawongola limu, amalumikiza tcheni. Chofunika n'chakuti njinga yanu ikhale ya mtundu umene anthu amakwera kuno. Ya magiya ambiri ndi matayala achilendo ikathyoka sipoko ku Mayaka, muikweza pa lole. Funsani mtengo asanamasule nati. Kamodzi kokha wina ananditchula mtengo wowirikiza ataona tenti, ndipo amene anamudzudzula anali anzake a kabaza omwe anali pomwepo.

Ndikapeza masamba atayalidwa pamsewu ndichite chiyani?

Pali maliro. Tsikani njinga, vulani chipewa, zimitsani nyimbo, muyende wapansi mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Ngati ndi mudzi umene mwagona, musanyamuke ngati simunamve. Pitani pasiwa, abambo kwa abambo, amayi kwa amayi, mukhale pansi kanthawi, muponye chipepeso m'mbale.

Kamsitu kowirira pakati pa minda yoyera kawirikawiri ndi manda. Musalowemo kukafuna mthunzi, nkhuni kapena kodzithandizira. M'miyezi ya tchuthi chachikulu, cha mu Ogasiti, kumakhalanso zinamwali, ndipo malo amene kuli anamwali safikako munthu wamba. Mukaona mbendera kuthengo kapena anthu akakuuzani kuti uku ayi, bwererani osafunsa zambiri.

Mzimayi angayende yekha?

Mlongo wanga wayendapo kangapo. Iye amati chitenje chisachoke m'chikwama, afike msanga, ndipo akafika kwa amfumu apemphe kugona kumene kuli amayi. Nthawi zambiri samulola n'komwe kukhoma tenti, amamuyalira m'nyumba. Pa phiri pokha sayenda yekha, ndipo inenso sindingamulimbikitse kutero.

Ku Chilwa n'koyenera kupitako?

Kwambiri, koma musayembekezere mchenga woyera ngati wa ku Mangochi. Chilwa ndi nyanja ya matope, mabango ndi milulu, yosaya, ya madzi amchere pang'ono chifukwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa ming'alu ya dothi. Mu 1997 inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake.

Doko lake ndi Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu tauni, ndipo pamenepo mumakwera bwato lopita ku chilumba cha Chisi. Fikani m'mamawa muone matemba akuyanikidwa, milamba ikuwambidwa, amalonda akukweza madengu pa njinga kuthamangira ku msika wa Zomba. Asodzi ena amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa milulu, masabata angapo osaponda kumtunda. Mukacheza nawo nkhani imathera pa madzi: afika pati chaka chino, anali pati chaka chatha.

Bwato likadzaza kwambiri, kapena mwera ukamawomba, dikirani lina. Udzudzu wa kumeneko ndi wosaneneka, neti ndi mafuta odzola zisasowe, ndipo mukamva kuphwanya m'thupi mutabwerako kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Ndili ndi tsiku limodzi lochapa ndi kupuma mu tauni. Ndione chiyani?

Yendani wapansi. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994, choncho nyumba zakale za boma zili mbwee m'munsi mwa phiri. Hotela ya Masongola inamangidwa mu 1886 ngati nyumba ya kazembe wa Britain. Pafupi pake pali munda wa zomera wa Botanic Gardens, pamene mungayanike mapazi m'mbali mwa Mulunguzi. Polowa mu tauni kuchokera ku Blantyre pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Koma ku Cobbe Barracks, ku ndende ndi ku State House musatulutse kamera. Ngakhale mu msika, pemphani musanajambule munthu.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: misewu yauma, chakudya chili chambiri m'midzi, mbatata ndi nzimbe zili paliponse. Seputembala mpaka Novembala kumatentha, ku Chilwa ndi ku Chingale makamaka. M'dzinja misewu ya fumbi imasanduka phala, komanso ndi nthawi imene mabanja ambiri akupanikizika ndi chakudya. Mukayendabe, musakhome tenti m'mbali mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phompho. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa momwe phiri limatsikira ndi miyala usiku umodzi.

Ndingakoleze moto?

Kumudzi pemphani mafuwa a pakhomo, kapena nyamulani kambaula. Pa phiri kolezani pokhapo pamene akulozerani, ndipo muzimitse ndi madzi mpaka phulusa lizizire m'manja. M'chilimwe masamba a paini amayaka ngati palafini. Amene timakhala kuno timaona chaka ndi chaka mzere wa moto ukukwawa paphiri usiku, m'mawa mwake n'kutsala chipala chakuda.

Zimandiwawa. Malo ena amene ndinkapumapo pamthunzi ndili mnyamata lero ndi zitsa zokhazokha. Sindinyoza mayi wosenza nkhuni kapena bambo wotsitsa thumba la makala, pakuti ambiri alibe pena pogwira, ndipo makalawo timagula ndife a mu tauni. Koma ife obwera kudzasangalala tilibe chifukwa chothyolera ngakhale nthambi imodzi yaiwisi. Majumbo, mabotolo ndi zitini tsikani nazo.

M'mawa ndingonyamuka?

Osatsanzika ayi, ngakhale mukufuna kulawira dzuwa lisanatenthe. Nenani usiku kuti mudzuka m'mbandakucha. Sesani pamene munakhoma tenti, bwezani ndowa, kenako pitani kwa amfumu mukanene kuti mwagona bwino ndipo mukupitirira. Adzakufunsani njira imene mudzere, ndipo mwina adzakutumani uthenga kwa wachibale wa mudzi wa kutsogolo. Ufikitseni, ndiwo udzakutsegulireni khomo lina madzulo.

Adzakuperekezaninso, musakane. Kwa mfumu ya ku Jali ija anandipatsa mbatata zinayi zootcha zokulunga m'tsamba la nthochi, ndipo mdzukulu wawo anandilanda njinga n'kumaikankha yekha, ana ena ali pambuyo. Tinadutsa mjigo, tinadutsa sukulu, mpaka pa kamtsinje ka m'malire a mudziwo. Pamenepo anaima, nandibwezera njinga, n'kunena kuti agogo ati ndikadzadutsanso nthawi ya mango ndisadzapitirire.